Alamu Awo a Singano

Munthu wovulira mbalame chipewa ndinamuonapo mmodzi yekha: malemu a Singano, osoka nsapato kumapeto kwa msewu wathu, kumene nyumba zimalekezera n'kuyamba thengo. Mbalame yakenso sinali yoti n'kuiloza pagulu. Kanali kanthu kotuwa, kosadzaza m'manja, kogwira ntchentche m'malere. Iwo ankakatcha alamu. Akazi awo ankakana kwamtuwagalu, amvekere kwawo kulibe m'bale wanthenga.

Kankabwera ndi mvula yoyamba, n'kutera panthambi youma ya mtengo umene iwo ankasokera patsinde pake. Ukapita ndi nsapato nyengo imeneyo, unkayamba walonjera alamu, kenako n'kuphunzitsidwa mmene amakhalira njo ngati msilikali, mmene amalumphira m'mwamba kukawakha ntchentche n'kubwerera pomwe anali. Mkulu wina atanena kuti imeneyo ndi mpheta wamba, anam'bwezera nsapato yake ili yasaa, nati akasoketse kwa mphetayo.

Chaka chathachi maso a mkuluyu anachita khungu, miyendo nayo inakana. Mvula inagwa, alamu osaoneka, ndipo a Singano anakankha mbale: mlendo wawo akafika ndiye adzadya. Thupi linayamba kutha tikuona. Akazi awo anayesa kunama kuti alamu afika, koma ankagwidwa msanga. Ulendo wina anaipatsa mbalameyo mchira wofiira, ulendo wina anaiyendetsa pansi ikutola njere.

Tsiku lina ndili pomwepo kudzazonda matenda, mayi anaima pazenera.

"Bambo, alamu anu afika."

"Akutani?"

"Angokhala. Agwedeza phiko kamodzi. Auluka. Abwerera pomwepo."

"Nthambi iti?"

"Youma ija, kunsonga."

"Nanga mlomo walira?"

"Walira, ngati mmene mumadulira ulusi ndi mano."

A Singano anapapasa kumutu kufuna chipewa, osachipeza, n'kungoweramitsa mutuwo pang'ono.

"Kani zaka zonsezi, mayi, munkayang'ana."

Anapempha tiyi ndi buledi. Ine ndinasuzumira panja. Panthambipo panalibe kanthu, koma madontho a mvula basi. Mayi anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Kuyambira tsikulo ankadya, ndipo m'mawa uliwonse mayi ankaima pazenera kunena zimene alamu akuchita, mpaka m'mawa umene panalibenso wofunsa.

Kambalameko kanafika titaika kale maliro. Timakaona tikamadutsa ndi nsapato zathu zong'ambika, kali njo pamwamba pa benchi yopanda munthu, ndipo mpaka lero palibe wapeza poyambira kukauza.