Chipsera cha a Lek

Ku Thailand kuli bambo wina yemwe ali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere, ndipo amene anachiika pamenepo ndine. Mpaka lero sindimvetsa bwinobwino kuti zinthu zinayamba kupotokera pati. Ndingokufotokozerani momwe zinayendera, mwina inu mundithandize kupeza pomwe panalakwika.

Munali m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndikugwira ntchito ku Nairobi m'bungwe lina la mayiko ambiri. Mkulu wa nthambi yathu anali wa ku Thailand. Dzina lawo lenileni linali lalitali loti munthu ukalitchula lonse mpweya umatha, choncho tonse tinkangoti a Lek. Anali aafupi, adazi, oyenda motsimphina pang'ono, ndipo ankamwetulira ngakhale zinthu zitavuta chotani muofesi. Pa unyamata wawo ankasewera badiminitoni ya awiriawiri, ija ya anthu awiri mbali ino, awiri mbali inayo, kumenyerana kampira ka nthenga pamwamba pa neti. Anayimirirapo dziko lawo m'mipikisano yakunja mpaka bondo linawakaniza. Eni ake sankazikamba zimenezi, tinkangomva kwa ena.

Tsiku lina nthawi ya tiyi ndinaima ndi mnzanga wa ku Kenya, Otieno, a Lek n'kutipeza. Anati kukubwera mpikisano wa mabungwe, ndipo osewera awiri ayenera kuchokera muofesi imodzi. Anawonjezera motsitsa mawu kuti mwana wawo wamkazi, Nok, akubwera kuchokera ku Bangkok. Anabadwa iwo atasiya kale masewera, ndiye sanawaonepo pabwalo. Mwezi wotsatira bondo lija linali loti likachitidwe opaleshoni, ndipo adokotala ananeneratu kuti raketi, chomenyera kampira chija, azingoiona pakhoma.

"Kodi mungasewere nane?" anafunsa, atayang'ana ine.

"Chabwino, bwana," ndinatero.

Otieno anatsamwa ndi tiyi. Iye ankasewera badiminitoni Loweruka lililonse, pomwe ine raketi ndinali ndisanaigwirepo chibadwire (masewera anga onse anathera pa mpira wachikulunga, komwe ankandiika pagolo chifukwa kunalibe kwina kondiika). Koma munthu wamkulu, abwana akonso, akakupempha chinthu pamaso pa anthu, umakana bwanji?

Nditafika kunyumba ku Ruaka, akazi anga, mayi a Tadala, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a Tadala, inu ntchentche yeniyeniyi imakuthawani patebulo, nyuzipepala muli nayo m'manja. Mwavomera bwanji?"

"Ndi abwana. Ndiponso ndi aakulu."

"Sawa, chabwino," anatero. "Ine ndikaonera nawo. Zoterezi siziyenera kungomvera kwa anthu."

Tinakonzekera Loweruka katatu mu holo ina ku Industrial Area, yomwe kale inali nyumba yosungiramo katundu ndipo inkanunkhabe penti. Ndikamenya mphepo, a Lek ankati, "Zabwino, zabwino." Ndikamenyetsa kampira kudenga, ankati, "Mphamvu muli nazo." Malamulo nawo anandiimitsa mutu. Masiku amenewo mbali yomwe yayambitsa kampira ndi yokhayo inkapeza mapointi, aliyense mwa awirinu amakhala ndi mpata wake woyambitsa, ndipo mumasinthana malo nthawi zina, nthawi zina ayi. A Lek anandijambulira zonse papepala, mivi ili mbali zonse.

"Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

Sindinamve chilichonse. Koma poti iwo ankangoti zabwino, ndinayamba kuganiza kuti mwina luso ndinali nalo kalekale, kungoti kwathu kunalibe neti.

Tsiku la mpikisano holo inadzaza. Nok anakhala pabenchi yakutsogolo, mtsikana wazaka zoposa makumi awiri, wankhope yosaseka. Mayi a Tadala anakhala pambali pake atanyamula botolo la madzi ndi mandazi, ngati abwera kudzaonera sewero. Otsutsana nafe anali amuna awiri aataliatali a bungwe lina.

Sizinawatengere nthawi kuti atitulukire. Anangoyamba kuponya kampira pakati pa ine ndi a Lek. Tsono ine ndinaleredwa kuti sudutsa kutsogolo kwa wamkulu, ndipo sutsogoza dzanja m'mbale iye asanayambe. Kampira kakamabwera, mwendo unkangobwerera wokha m'mbuyo kuti abwana amenye. Ndikacheuka, nawo abwerera m'mbuyo, ataweramitsa mutu pang'ono kuti ine ndimenye. Kampira n'kugwa pakati pathu mwakachetechete.

"Pepani, bwana."

"Ayi, pepani ndinu, bwenzi."

Zinachitika kasanu, kasanu ndi kamodzi, mpaka ndinasiya kuwerenga. Kawiri konse woyimbira anandichotsa pomwe ndinaima n'kundilozera mbali ina, ine n'kuthokoza osadziwa chomwe ndalakwa. Munthu wina anakuwa m'Chiswahili, "Wazee, pigeni hiyo kitu!" kutanthauza kuti madala inu, menyani chinthucho, holo yonse n'kufa nazo. Gawo loyamba tinagonja mochititsa manyazi.

Pa nthawi yopuma a Lek anapita kukamanga bondo, Nok n'kundilondola pomwe ndinkamwa madzi.

"Ankolo, bambo anga sangakuuzeni, ndiye ndikuuzani ndine. Iwo ankafuna a Otieno. Anaona kuti n'kupanda ulemu kupempha wina inu muli pomwepo, ndiye anayamba ndi inu poganiza kuti mukana."

Ndinameza madzi omwe anali m'kamwa.

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Inu bwanji simunawauze kuti simutha?" anatero Nok. "Ndakula ndikumva kwa anthu kuti bambo anga anali katswiri. Ndauluka ulendo wonsewu kuti ndiwaone kamodzi kokha akusewera, koma ndikungowaona akupepesa. Kampira kakabwera, kamenyeni. Musawaope."

Zinandikhudza kwambiri, ndisaname. Paja amati manyazi anapha lambe, ndiye ndinalumbira mumtima kuti ulemu ndausiya pabenchi.

Gawo lachiwiri ndinalowa ngati ng'ombe yothyola khola. Kampira kakumanja, ine. Kakumanzere, ine. Kena kamene kankatuluka kokha kunja, ndinakathamangira n'kukabweza (a Lek anati, "Zabwino," koma mawu anatuluka movutikira). Mwangozi kamodzi kanadutsa neti n'kugwera pabwino, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo apa ndi pomwe mutu unakula. Kenaka kanabwera kena kam'mwamba, pakati penipeni. Ndinathamanga chafutambuyo maso ali kudenga, ndinakoka mkono ndi mphamvu zonse za makolo anga, n'kumenya.

Chinamveka kuti pho! Koma kampira kanali kakadali m'mwamba.

Nditacheuka ndinapeza a Lek atagwira pachipumi, magazi akudutsa pakati pa zala. Holo yonse inangoti zii, kupatula mawu amodzi omwe ndimawadziwa bwino, a mayi a Tadala: "Mayo ine, ntchito yatha!"

Anthu anabwera ndi thonje ndi pulasitala. Ine ndinali nditagwada kale, ndikupepesa m'Chingerezi, m'Chiswahili ndi m'Chichewa nthawi imodzi. Woyimbira anafunsa ngati tikusiyira pomwepo. A Lek anayang'ana mwana wawo, kenaka anayang'ana ine. Kumwetulira kuja kunalibe, ndipo zaka zonse zomwe ndinagwira nawo ntchito nkhope imeneyo ndinali ndisanaione.

"Dzukani," anatero. "Pitani paneti apo. Munyonyomale. Musadzuke, musacheuke. Nthawi yanu yoyambitsa ikakwana ndikukhudzani paphewa. Mukangomenya, nyonyomalaninso."

Aka kanali koyamba kuti andiuze chinthu ine n'kumva chonse.

Zomwe zinachitika kumbuyo kwangako sindinazione, poti anati ndisacheuke. Ndinkangomva nsapato zikulira pansi, ndi kampira kakudutsa pamwamba pa mutu wanga ngati mwala wa legeni. Zomwe ndinkaona ndi nkhope za amuna aatali aja. Poyamba ankaseka, kenaka anayamba kulozerana zala, kenaka wina anagwa chagada pothamangira kampira komwe kanangotsetsereka paneti n'kugwera pafupi ndi mphuno yanga. Chakumbali ndinkaona Nok ataimirira pabenchi, akukuwa m'chinenero chakwawo, misozi ili mbwembwembwe. Mayi a Tadala nawo ankakuwa momutsanzira, osadziwa n'komwe tanthauzo lake. Gawo limenelo tinapambana. Ndikuti tinapambana chifukwa dzina langa linalipo papepala.

Gawo lachitatu lili pakati, bondo linakana. A Lek anakweza dzanja, anapita motsimphina kukagwirana chanza ndi otsutsana nafe, ndipo holo yonse inaimirira. Ine palibe anandiuza kuti zatha, ndiye ndinakhalabe chinyonyomalire mpaka Otieno anabwera kudzandidzutsa.

Panja Nok anali atakoleka mkono m'khosi mwa bambo ake, akuseka uku akulira. Atandiona anagwira dzanja langa ndi manja onse awiri.

"Zikomo, ankolo. Lero ndawaona."

Munthu wavulaza abwana ake pamaso pa mabungwe onse a mu Nairobi, ndiye akumuthokoza. A Lek nawo anandipepesa kuti anandikalipira, ine n'kupepesa kuti ndinawatema, ndipo tikanapitirira mpaka dzuwa kulowa mayi a Tadala akanapanda kundikoka malaya kuti matatu, minibasi za kumeneko, atisiya.

Ntchito sinathe. A Lek anabwerera kwawo chaka chotsatira, ndipo patapita miyezi ingapo Nok anatitumizira chithunzi chomwe wina anajambula tsiku lija. Pachithunzipo bambo wazaka zoposa makumi asanu ali m'malere, miyendo yonse yachoka pansi, pulasitala ili pachipumi. Pansi pake pali ine, nditanyonyomala, nditatsinzina, raketi nditafunda kumutu.

Ndayesa kupeza phunziro pa nkhaniyi koma limandizemba. Nditapereka ulemu tinagonja, nditausiya ndinakhetsa magazi, ndipo mtsikana anapeza zomwe ankafuna chifukwa cha magaziwo. Mayi a Tadala sakuvutika nazo maganizo. Chithunzi anachiika m'felemu n'kuchipachika pabalaza, ndipo mlendo aliyense amafunsa funso limodzi lomwelo: "Nanga inuyo apa mukutani?"

Ndisanatsegule pakamwa, iwo amakhala atayankha kale.

"Asiyeni, apa ndi pomwe anasewera bwino."