Apongozi Anasuta Buku la Mkulu Wanga

Ntchito yanga ndi yosunga mapepala. Zaka zambiri ndakhala m'kachipinda ka mafayilo ku maofesi a boma pa Rufunsa, ndipo palibe kalata imene inasowapo m'manja mwanga. Koma buku limene ndimalikonda kuposa onse linatha masamba khumi ndi anayi ine ndikuona, ndili chete. Tsiku lina machisa ndinayatsa ndine.

Bukuli ndi la zithunzi, aja timati makomiki. Mkulu wanga Luka ankawatola limodzilimodzi ku Lusaka, kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Atachuluka anawasokera pamodzi ndi ulusi wa matumba, naika chikuto cha katoni. Nkhani yake ndi ya ngwazi youluka, yophimba kumaso, imene ife tinaitcha Kamphepo, ndi mdani wake wa ndevu zobiriwira, Chindevu. M'mphepete mwa masamba Luka ankalemba maganizo ake ndi pensulo: "Bodza ili." "Apa wojambula anatopa." "Uyu ndikanammenya ndekha." Luka anatisiya kalekale. Chithunzi chake ndilibe. Ndili ndi zolemba za pensulozo basi.

(Mkazi wanga, amake Tisa, naye ali ndi maganizo ake pa bukuli, ndipo ndi achidule: limaitana mphemvu.)

Chaka chatha apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Shikabeta. Anali ndi bala pamwendo lofunika kutsukidwa ku kiliniki tsiku lililonse, choncho anakhala kwathu masabata atatu. Ndi munthu wa mawu ochepa ngati ine. Kwathu mkamwini sakhala mpando umodzi ndi apongozi, sawayang'ana m'maso, salowa m'chipinda chimene akugona, ndipo chimene wawapatsa sachilanda. Chikwatirire mwana wawo, zokamba zathu zinali moni, mvula ndi chimanga.

Loweruka lina masana, poganiza kuti apongozi akupuma, ndinatulutsa buku ndi kukakhala nalo kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Ndinali pamene Kamphepo anyamula sitima ndi dzanja limodzi, ndikumwetulira ndekha, pomwe ndinamva kutsokomola. Anali ataima pambuyo panga, atatsamira ndodo.

"Atate a Tisa, ndi za ku ntchito izo?"

Ndinatsika pampando ndi kugwada. Taganizani: munthu wa imvi, wapampando wa mphakati wathu ku tchalitchi, kupezeka ndi zithunzi za mwamuna wovala kabudula pamwamba pa thalauza. Manyazi anayankha ine ndisanaganize.

"Iyayi atate. Ndi mapepala achabe. Ndimafuna kuwataya."

Anatambasula dzanja. Ndinapereka ndi manja awiri. Anatsina tsamba limodzi, nalitikita pakati pa zala, nalinunkhiza.

"Pepala labwino ili, lofewa. Musataye. Ndizipichira fodya."

"Zikomo, atate," ndinatero. (Inde, ndinathokoza.)

Madzulo a tsiku lomwelo tsamba loyamba linapita. Ndinalimva kung'ambika ndili m'nyumba.

Pofuna kulipulumutsa, ndinayamba ndi mkazi wanga, popeza mwana wawo ndiye angawalankhule momasuka.

"Amake Tisa, kanditengereni buku lija kwa atate anu."

"Mwawapatsa nokha ndi manja awiri. Manje ine ndikanene kuti mkamwini wanu ananama?"

"Ingowauzani kuti fodya ndi woipa pa bala."

"Anamwino anawauza kale. Anayankha kuti sasuta ndi mwendo."

Lolemba ndinabwera ndi mtolo wa nyuzipepala zakale ndi kuuika pafupi ndi mpando wawo. Anayesako ndudu imodzi, nalavula.

"Izi zimawawa. Muli ndale zambiri."

Lachitatu ndinagula ndudu za m'sitolo pamsika. Anaomba m'manja, nathokoza kwambiri, naziika m'thumba la jekete kuti akagawire anzawo kumudzi. Kenaka anatsegula buku.

Tsiku limene linandipweteka ndi Lachisanu. Anandiitana kuti ndiwayatsire, popeza zala zawo zimanjenjemera. Ndinagwada, ndi kukhwatcha machisa. Pa ndudu ija, pafupi penipeni ndi moto, ndinaona kalembedwe ka Luka, mawu amodzi okha: "ndekha." Ndinawaona akusanduka phulusa. Apongozi anapuma utsi, nati, "Mulungu akudalitseni, mwana wanga." Ndinapita kuseri kwa khola la nkhuku, kumene ndinakhala nthawi ndithu. Mkazi wanga ndinamuuza kuti utsi unandilowa m'maso.

Sabata yotsatira ndinaganiza zoba. Ine, wosunga mafayilo a boma. Ndinadziwa kuti buku amaliika pansi pa pilo, ndiponso kuti m'mawa uliwonse amapita ku kiliniki ndi mkazi wanga, kumene mzere umakhala wautali. Ndinapempha kuchoka ku ntchito pang'ono, ndinafika panyumba, ndinavula nsapato pakhomo (pa nyumba yangayanga), ndi kulowa m'chipinda chimene sindiyenera kulowa. Tsiku limenelo ku kiliniki kunalibe mzere.

Anandipeza nditagwada pambali pa bedi lawo, mkono wonse uli pansi pa pilo. Mkazi wanga anali pambuyo pawo. Anagwira pakamwa, nathawira ku khitchini, kumene ndinamva mapoto akugwa. Mpaka lero amakana kuti ankaseka.

"Atate a Tisa," apongozi anatero mofatsa, "mukupemphera?"

Bodza lachiwiri linali kale pa lilime. Koma dzanja langa linali litagwira katoni ija, ndipo buku linali lopepuka kuposa kale.

"Iyayi atate. Ndimaba."

Anakhala pabedi, natambasula mwendo wodwala uja, natulutsa buku okha.

"Ili? Simunati n'lachabe? Komatu si lachabe. Ine chizungu sindiwerenga, koma maso ndili nawo. Tsamba lililonse ndimayamba ndaliyang'ana bwino." Anatsegula, naloza Kamphepo ndi chikhadabo. "Mnyamata uyu si mfiti, chifukwa amauluka masana anthu akuona. Mtima ali nawo. Koma mphamvu zonsezi, munda wake uli kuti? Buku lonse sindinamuone akudya, kapena kukaona amake. Ndipo munthu wochita zabwino aphimbiranji nkhope? Alipo amene anamulakwira kwawo."

Sindinawamvepo akulankhula mawu ambiri chotero.

"Ine ndimasankha," anapitiriza. "Ndimasuta masamba a Chindevu yekha. Uyu ndiye woyenera moto."

Sindinawakumbutse kuti tsamba lili ndi mbali ziwiri. Ndinangoloza m'mphepete.

"Zolemba izi, atate, ndi dzanja la mkulu wanga Luka. Ndi zokhazi zimene anandisiyira."

Anayandikitsa buku kumaso.

"Ndimayesa ndi ana anakhwatchakhwatcha. Luka uti? Wamtali uja anabweretsa mbale pokufunsirani mkazi? Uja anapunthwa pakhomo panga, mbale n'kugubuduzika mpaka ku nkhokwe?"

"Yemweyo, atate."

Anavula chipewa, nachiika pabondo.

"Ndiye ndakhala ndikusuta mawu a malemu, inu mukundiyatsira machisa?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ulemu wanu ndi woopsa, mwana wanga. Tsiku lina mudzandiona ndikulowa m'chitsime, inu mukuomba m'manja." Anapukusa mutu. Kenaka anati, "Bweretsani pepala ndi cholembera. Zimene zalowa m'chifuwa sizibwera. Koma zimene zinalowa m'maso zilipo."

Sabata yotsalayo, ndikaweruka, tinkakhala pansi pa mango. Tsiku loyamba ndinakhala pansi. Anamenya benchi ndi chikhatho, nati khosi lawo limawawa akamayang'ana pansi. Ndinakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, theka la thupi lili m'malere.

Iwo ankafotokoza masamba osowawo, ine ndikulemba. Ankakumbukiradi: ndani anaima kuti, ndani anagwa, galimoto inali ya mtundu wanji. Koma popeza mawu a chizungu sankawamva, nkhani anaikamo yawo. M'masamba a apongozi, Chindevu ndi Kamphepo amakanganirana malire a munda. Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri Kamphepo amatera kwa amake, amene amamukalipira chifukwa chouluka osavala juzi. Ine ndinkadziwa kuti si mmene zinalili. Ndinalemba zonse mmene ananenera.

Zolemba za Luka zina ndinazikumbukira, ndi kuzibwezera m'mphepete ndi pensulo. Ndikawawerengera m'chinyanja ankaseka mpaka kutsokomola. Nditafika pa "Uyu ndikanammenya ndekha," anati, "Lembani pansi pake kuti ine ndikanamugwirira miyendo."

Ndinalemba.

Bala litapola anabwerera ku Shikabeta. Pokwera basi anandigwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo, nandiuza kuti ndimuuze mnyamata wouluka uja alimeko ngakhale mbatata. Masamba khumi ndi anayi amene tinalembawo ndinawasokera m'buku ndi ulusi wa matumba. Tsopano lili ndi owerenga awiri olankhula m'mphepete, wina wamoyo, wina anapita, ndipo amagwirizana kwambiri.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzira kuyankha zoona apongozi akandifunsa. Koma ndimadzidziwa. Mwezi wamawa kubwera apongozi aakazi. Iwo sasuta. Amakazinga vitumbuwa, ndipo nthawi zonse amasowa mapepala okulungira. Buku ndalitsekera kale ku ofesi, pansi pa mafayilo onse, ndipo kiyi ndapatsa mkazi wanga, kuti ngakhale atandifunsa ine, ndisakhale ndi chopereka ndi manja awiri.