Mawondo Anga ndi Chinkhoswe cha Esinati

Lolemba

Chinkhoswe cha mwana wanga Esinati chili Loweruka, ndipo mawondo anga asankha sabata yomwe ino kuti andiwukire. Kugwada ndikugwada bwinobwino. Kudzuka ndiye nkhondo!

Mnyamata wake ndi mphunzitsi, kwawo ku Dedza. Abale ake akafika, ine mayi wa mkazi ndiyenera kuwalonjera mmodzimmodzi, chogwada. Ndikalonjera chilili akanena kwawo kuti Alomwe a ku Nkhulambe alibe mwambo. Ndikagwa chagada pamaso pawo ndiye kaya. Mwana wanga adzalowa ndi nkhope yotani m'mudzi mwawo? Mtima uli m'mwamba.

Ndagulitsa nandolo ku Migowi, ndagula botolo la makapisozi makumi atatu kwa bambo wina wa chimkuzamawu. Akuti: "Mayi, awa si mankhwala, ndi chakudya chowonjezera m'thupi. Mafuta a nsomba. Bondo lili ngati tcheni cha njinga, limafuna girisi."

Pulani yanga:
- awiri tsiku lililonse
- kuyeserera kugwada kuseri kwa nkhokwe
- osauza munthu!

Ndameza awiri. Ndikudikira.

Lachiwiri

Chinsinsi chatha tsiku limodzi lokha. Achemwali anga aFalesi andipeza ndikumeza. "Mukudya chiyani chobisa?" Ine pakamwa panga posagwira, ndabwereza mawu a wogulitsa uja, kuti si mankhwala, ndi chakudya.

Ndadzipha ndekha! Mankhwala munthu amamwa yekha, palibe amakudandaula. Koma chakudya kwathu kuno sadya yekha. AFalesi angoti, "Ooh, ndiye mwayamba kumana?" Ndawapatsa awiri.

Masana amayi asanu ndi atatu afika kudzathandiza za thobwa. Onse ali ndi mawondo, onse amva kale. Botolo layenda dzanja ndi dzanja ngati mtedza wokazinga, ena akutapa awiriawiri. Mmodzi watafuna, walavula, akuti ndi usipa wowola. Ndiye bwanji osandibwezera usanalowe m'kamwa?

Atsala khumi ndi limodzi. Ndikumwetulira mongodzikakamiza.

Lachitatu

AFalesi akuti achira. Akuvina pabwalo, akuwonetsa aliyense mmene akupindira mwendo. Ine mwinibotolo palibe chasintha, kupatula kuti ndikageya agalu akunditsata.

Ndameza awiri, ndayeserera kuseri kwa nkhokwe. Kudzuka mpaka ndagwira mpini wa khasu. Kodi Loweruka ndidzalonjera alendo khasu lili m'manja?

Mbiri yafala. Afika lero:
- mayi wa msana
- agogo a khosi
- bambo wina wa dzino (dzino!)

Wa dzino ndamubweza, enawo limodzilimodzi. Kenako alongo anga, amalume ake a Esinati, omwe ndi ankhoswe Loweruka. Munthu wotere ungamukanize? Atenga anayi, akuti awiri ndi a alamu kunyumba.

Atsala atatu. Ndawasomeka kudenga, ndasiya botolo lopanda kanthu pakhonde kuti obwera azidzionera okha.

Lachinayi

Mantha andikweza kabaza mpaka kuchipatala. Namwino wawerenga botolo mbali zonse, akupukusa mutu.

"Sakuphani, mayi. Koma ena amati amawathandiza pang'ono, ambiri saona kusintha kulikonse. Ngakhale oti athandizidwawo amamwa miyezi, osati masiku asanu. Mafuta omeza sathamangira pabondo."

Ndamuuza za aFalesi. Akuti bondo lili ndi masiku ake, lero lapola, mawa layambiranso, ndiye munthu amayamika chilichonse chomwe anameza dzulo.

Wandipatsa mapilitsi ochepetsa ululu ndi malangizo: kuthowa ndi madzi ofunda, kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, kusiya kusenza mitolo yolemera. Pomaliza akuti, "Ndipo musamagwadegwade."

Ndisamagwade! Mwana wabwinobwino, koma zikuoneka kuti sanakwatitsepo.

Pobwera ndapeza aFalesi ali thasa pamkeka, bondo lawatupa ndi kuvina kwa dzulo. Akuti ndinawapatsa ochepa dala.

Lachisanu

Ndaika mitondo itatu ndi zidebe ziwiri kuseri kuti akhale alendo. Mtondo woyamba ndaulonjera bwino. Wachiwiri ndadzuka chokwawa. Wachitatu ndaugwera, tagubuduka tonse.

Bambo ake a Esinati akuonerera ali pampando. "Mungowauza kuti mukudwala." Amuna! Iwo mawa akhala pampando womwewo n'kumangotambasula dzanja. Ndiuze alendo tsiku loyamba kuti banja lino ndi la odwala?

Ndatsitsa atatu aja kudenga, ndameza onse kamodzi. Tsopano m'mimba mukulira, bondo lili chomwecho.

Ndalowa m'nyumba kuti ndimuuze Esinati zoona. Ndamupeza akumuluka tsitsi, akuseka ndi anzake, wandionetsa chitenje chomwe wandigulira kuti ndivale mawa. Ndangoti n'chokongola.

Ndikuopa. Sindinaopepo chonchi ngakhale tsiku lomwe ndinkamubereka.

Loweruka

Abwera asanu ndi anayi. Ndawerenga kawiri.

Ndagwada pamaso pa mayi ake a mnyamata. Moni wayenda bwino. Ndati ndidzuke: zii! Ndayesanso: bondo lamanzere lati tseke. Palibe khasu, palibe nkhokwe, maso onse ali pa ine.

Ndiye ndangoyenda ndi mawondo kupita kwa wachiwiri. Wachitatu. Kuchoka patsinde pa mango mpaka pakhonde, pamiyala, chitenje chatsopano chikusesa bwalo. Onse asanu ndi anayi!

Ndisanapeze chogwira, alongo anga aimirira kuyamba mwambo. Munthu uyu akagwira mawu sataya. Ayambira kwa makolo athu powoloka malire kuchokera ku Mozambiki. Nkhuku zaperekedwa, malangizo aperekedwa, ine chigwadire, thukuta kamukamu. AFalesi akundinong'oneza, "Dzukanitu, mwaonjeza." Ndawayankha ndi mano okha.

Kenako mayi ake a mnyamata akweza mawu. "Ulemu wotere kwathu unatha kalekale. Ngati mayi ali chonchi, mwanayo sitifunsanso. Tamulandira ndi manja awiri."

Nthungululu bwalo lonse. Ine misozi chuchuchu, anthu akuti ndi chimwemwe. Theka ndi chimwemwedi.

Alendo atapita kukadya kuseri, bambo ake a Esinati ndi aFalesi andinyamula ngati thumba la makaka.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mawondo ali ngati mapapaya awiri.

Kaya makapisozi aja amathandiza kaya sathandiza, ine sindinganene. Ndinameza asanu ndi anayi okha, enawo anadyedwa ndi mudzi. Omwe ankati achira onse akutsimphina ngati kale. Sindigulanso.

Esinati akundithowa ndi kansalu, nkhope ili ngwee. Sakudziwa kanthu, akuganiza kuti ndinachita dala chifukwa cha iye. Akuti, "Amayi, mwandiveka ulemu." Zikhale choncho.

Akutinso apongozi ake aimba foni atafika ku Dedza. Nkhani yanga ili pakamwa pa aliyense. Paukwati mudzi wonse ukufuna kubwera kudzalonjeredwa ndi mayi woyenda ndi mawondo uja, moti ayamba kale kufunafuna lole.

Ndafunsa kuti lole yake yotani. Akuti yaikulu ija, yonyamula kachewere.

Ndamuuza afunditsenso madzi.