Mbuzi ya a Mwale mu Hekisi

Lolemba

Sabata ino ntchito ndi imodzi basi: kulemba malangizo omveka a pulogalamu ya mbuzi. Kalabu yathu ya alimi ili ndi kapulogalamu kamene kamatenga chithunzi cha mbuzi yosowa n'kuchisandutsa timadontho takuda ndi toyera. Chimenecho amati bitimapu. Kenako timadonthoto timasanduka mzere wa manambala ndi zilembo A mpaka F, womwe amati hekisi. Mzerewo umayenda pa meseji wamba, poti kumapiri kuno netiweki yotumizira zithunzi imabwera ikafuna yokha.

Kapulogalamuka anakalemba ndi Madalitso, asanapite ku Joni. Mayi Chisale, aphunzitsi a ku Chisepo, akufuna kulemba kawo kobweza hekisi kukhala chithunzi pa laputopu yawo. Akuti: “Mungondifotokozera bwinobwino, zinazo ndichita ndekha.”

Ndikutsegula kodi, malamulo amene amayendetsa kapulogalamuka. Ndemanga za Madalitso ndi zitatu:
“izi zimachita zija”
“osakhudza”
“pepani”

Lachiwiri

Chiganizo choyamba: chilembo chimodzi cha hekisi chimanyamula timadontho tinayi. Chakoma. Ndikuchiwerenga mokweza, akazi anga akufunsa ngati ndikupemphera.

Chachiwiri: kadontho kalikonse ndi 0 kapena 1, koma kodi 1 ndi kadontho kakuda kapena koyera? Kodiyo sikunena. Magetsi azima, laputopu yafa. Ndikuganiza pakhonde. Inki ndi yakuda, inki ndi chinthu, chinthu ndi 1. Ndikulemba papepala: 1 ndi kakuda. Nzeru ndili nazo ndithu.

Lachitatu

Masamba asanu ndi atatu! Mitu, zitsanzo, ngakhale mawu oyamba. Ndatumiza ku Chisepo.

Masana akubwera a Mwale, chipewa m'manja. Mbuzi yawo yasowa, yaikazi, yakuda, ya bere. Ndi yokhayo imene yatsala m'khola chimwalirire akazi awo. Chithunzi chili m'foni ya mpongozi wawo. Ndikuchisandutsa hekisi, ndikutumiza kwa Mayi Chisale. A Mwale akuyang'anitsitsa mzerewo: FFFF, E007, C003.

“Mbuzi yanga ili m'menemu?”

Ndikuti ili m'menemo, bambo. Akuvala chipewa, akupita.

Lachinayi

Mayi Chisale atsata malangizo anga ndendende. Kwatuluka mbuzi yoyera mbee.

Achinyamata a kalabu aipezadi mbuzi yoyera, yomangidwa kuseri kwa shopu ya Che Yusufu. Ndi ya Che Yusufu eniake. Anaigula kuti idyedwe pa ukwati wa mwana wawo Loweruka. Pa foni sakukalipa n'komwe, ndipo chimenecho ndiye chikundiwawa. Akungoti: “Achimwene, sopo mumagula kwa ine. Ndingabe mbuzi?”

Ndikupepesa mpaka mayunitsi kutha. 1 ndi koyera. Ndi koyera!

Lachisanu

Ndakonza. Ndawonjezera tsamba lofotokoza chifukwa chake ndinalakwitsa, ndi lina lofotokoza tsambalo.

Mayi Chisale akuyesanso. Mbuzi yada tsopano, koma miyendo ili m'mwamba. Bitimapu imeneyi imayamba ndi mzere wapansi kumakwera, ine ndinalemba kuti imayamba pamwamba. Chithunzicho chazungulira kale msika. Mpongozi wa a Mwale wachiona, wapita kukawauza kuti mbuziyo yapezeka yakufa.

Ndikukwera njinga mpaka kwawo. Ndikuwapeza atakhala pakhomo la khola. Ndikutembenuza foni pamaso pawo, mbuzi ikuimirira. Akuyang'ana nthawi yaitali.

“Ndiye ili moyo?”

Ndikuti sindikudziwa, bambo, koma chithunzichi sichikunena kuti yafa. Akundipatsa chinangwa, ndikudya mwamanyazi.

Loweruka

Madalitso wayankha kuchokera ku Joni: “Man, inenso sindinkadziwa. Ndinkangosintha mpaka mbuzi ioneke ngati mbuzi.”

Zotsala kufotokoza:
m'lifupi mwa chithunzi, poti ukaphonya, mbuzi imatuluka mizeremizere ngati chitenje;
zoti meseji imodzi ikasochera, mutu wa mbuzi umasowa;
“osakhudza” uja. Ndamukhudza. Tsopano palibe chikutuluka.

Madzulo uthenga: mbuzi yapezeka ku Chezi, m'chigafa cha fodya cha munthu wina, ili ndi tiana tiwiri. Waizindikira ndi mayi wogulitsa tomato amene anaona chithunzi chozondoka chija. Akuti anapendeketsa mutu. A Mwale apita kukaitenga ndi ngolo yobwereka. Ku ukwati wa kwa Che Yusufu andiitana, koma manyazi andiletsa.

Lamulungu

Tikutuluka m'tchalitchi, komiti ya kalabu ikundiimitsa pansi pa mtengo wa mango. Mayi Chisale abwera ndi masamba anga, tsopano khumi, atalemba ndi cholembera chofiira m'mbali monse. Akuti chiganizo choyamba n'cholondola.

Apampando akuti akambirana. Mapepala asungidwe m'kabati. Mbuzi ikasowa, aziimbira ine. Ndisamazimitse foni, ndipo ndikafuna kupita ku Lilongwe ndiziyamba ndanena.

Ndikuvomera. Kunyumba ndikutsegula laputopu, ndikubwezera mzere wa “osakhudza” uja mmene unalili. Pamwamba pake ndikulemba ndemanga yanga yoyamba: “1 ndi koyera. Yambani pansi. Zinazo sitikudziwa tonse.”