Masiku Atatu Ogwira Ntchito

Lolemba

Ndalama ndi zanga zomwe, koma ndabwerako chimanjamanja. Ndangofika kumene kuchokera ku Balaka, msana ukuwawa.

Nandolo ndinagulitsa Loweruka, matumba onse, kwa bwana wa lole amaima pa Nsanama uja. Anandipatsa cheke. Akuti kuyenda ndi ndalama masiku ano n'kuitana akuba. Lero ndapita nacho kubanki kwanga, ndaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Mtsikana wa pawindo wachitembenuza uku ndi uku, kenako akuti, "Agogo, ichi n'cha banki ina. Chikhale kaye chikhwime. Masiku atatu ogwira ntchito."

Chikhwime! Pepala. Ine ndimadziwa kuti chimakhwima ndi chimanga, nandolo ndi mwana wa munthu. Banki inayo ili tsidya la msewu chabe, ukaima pakhomo ukuiona. Ndati mwana wanga, tandisungira malowa ndiwoloke, ndikawafunse ndekha ngati ndalamazo zilimo. Wangoseka. Akuti mabanki salankhulana choncho.

Chabwino. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi koma kuwerenga mpaka atatu sikundivuta.

Zogula Lachitatu:
malata
misomali ya zipewa
sopo

Malatawa ndinawalonjeza akazi anga, Abiti Mussa, chaka chimene ndinabwera kudzakhala pamudzi pawo pano. Mwana wathu woyamba anali asanabadwe. Pano mwanayo ali ndi imvi.

Lachiwiri

Che Bwanali, kalipentala, afika m'mamawa. Akuti sabata yamawa ali ndi ntchito yaikulu ku Ntaja, ndiye ngati ndikufuna denga ndi sabata ino basi. Tisasule udzu lero, asinthe mapaso ofumbwa, malata akafika mawa angokhoma.

Abiti Mussa akuti, "Malatawo ali kuti?" Ndati akubwera mawa. Akuti, "Ndiye udzuwo uchoke mawa." Munthu wamkulu sangamafotokoze za banki kwa munthu amene sanalowemo.

Zimene zatuluka m'denga:
makoswe, banja lonse
mpeni unasowa kalekale, umene ndinanamizira mwana wa eni
chipewa changa chakale

Udzu ndapatsa alamu anga Che Yusufu, mchimwene wawo wa Abiti, afolerere khola la mbuzi. Ndawauza atenge wonse. Ife za udzu tathana nazo.

Lachitatu

Ndawononga ya minibasi pachabe.

Mtsikana yemwe uja. Wayang'ana pakompyuta, akuti sichinakhwime. Ndamuwerengera pazala, Lolemba, Lachiwiri, lero. Akuti Lolemba lisiyeni, munachiika mochedwa, nthawi yotumiza macheke itadutsa. Kuwerenga kunayamba dzulo. Tsiku lachitatu ndi mawa, ndalama zidzaoneka Lachisanu.

Ndiye Lolemba lija linali la ndani? Ine ndinaligwirira ntchito, ndinadzuka kusanache, ndinaima pamzere. Iyenso ndinamuona ndi maso angawa akugwira ntchito. Wondichedwetsa unali mzere wawo womwewo.

Koma mwanayo ndi waulemu, sindinganame. Akuti, "Mwachita mwayi agogo. Mukanachibweretsa Lachinayi bwenzi mukudikira sabata yamawa, poti Loweruka ndi Lamulungu sitiwerenga." Izi ndazilemba padzanja ndi bolopeni yawo yomangirira chingwe ija, kuti asadzandipusitsenso. Loweruka ndi Lamulungu sawerenga.

Kumunda kulibe tsiku limene udzu umapuma kumera.

Lachinayi

Nyumba ili yasa ngati nkhokwe yopanda chivindikiro. Dzuwa likulowa mpaka pamphasa. Che Bwanali amaliza mapaso, akhala pansi pa mango, akudya chakudya chathu kawiri patsiku. Sindikuwada, mlandu si wawo.

Che Bwanali akuti cheke china chimabwezedwa, ngati mwini wake analemba ndalama zimene alibe. Bwana wa lole uja sanaonekenso pa Nsanama.

Ndaganiza kuti mwina nkhaniyi ili ngati ya ankhoswe. Mnyamata ndi mtsikana angakhale nyumba zoyang'anizana, mawu sadutsa pabwalo. Amapita kwa nkhoswe, nkhoswe kwa nkhoswe mnzake, uyo akafunse kaye ngati mnyamatayo ali ndi khasu. Ngati zili choncho ndikumvetsa pang'ono. Koma nkhoswe umatha kumupeza pakhomo pake n'kumufulumizitsa.

Mitambo yayamba kuunjikana cha ku Chikala. Abiti aiyang'ana, ayang'ana ine, alowa kukhitchini.

Lachisanu

Ijuma, tsiku la mapemphero. Abiti akuti ndinyamuke m'bandakucha, ndikaswalire ku Balaka konko, mizikiti iliko. Koma kiyi wa mzikiti wathu amasunga ndine, ndipo sindinaperekepo kwa munthu. Ndati ndikatsekula, tikaswali, ndikatseka, kenako ulendo. Inshaallah nthawi ikwana.

Sinakwane. Pa Liwonde minibasi yaima kudikira kuti idzaze. Kondakitala akungokuwa kuti watsala m'modzi, watsala m'modzi, mipando isanu ili yopanda anthu. Ndafika pabanki mlonda atangotseka kumene. "Madala, tatseka." Ndamuonetsa kapepala kanga. Akuti ngakhale nduna. Mtsikana uja ndamuona pagalasi, akumanga ndalama ndi mphira. Zina mwa izo mwina n'zanga.

Khadi lotapira ndalama pamakina ndilibe. Ndinalikana ndekha, makina aja anameza la mnzanga ine ndikuona.

Mawa ndi Loweruka. Ndayang'ana padzanja, zilembo zafufutika koma mutu ukukumbukira. Sindipita. Katatu kakwana.

Loweruka

M'mawa ndinali wonyada ndithu. Che Bwanali akuti bwanji osayesako lero, ndawauza kuti inu dziwani za misomali, masiku a banki ndawaphunzira ine.

Masana afika alamu anga Che Yusufu, achokera ku Balaka kogulitsa mbuzi. Akuti, "Alamu, ndimati tikumana kumeneko. Banki yanu ija inali yotsekula mpaka cha m'ma ileveni, anthu akutuluka matumba ali tutumu." Ndati iyayi, Loweruka sawerenga. Aseka mpaka kukhala pansi. Akuti sawerenga pokhwimitsa cheke, koma chitseko amatsekula. Chanu chinakhwima dzulo, lero kunali kongokatenga.

Ndiye tsiku limodzi lomwelo ndi logwira ntchito pachitseko, losagwira ntchito papepala. Sukulu imeneyi ndi ya sitandade chani?

Cha m'ma folo yagwa. Chizimalupsa, koma chimene chinazima ndi ife.

Zonyowa:
matilesi
ufa, theka la thumba
buku lino, masamba a kumapeto
khoma la kuchipinda, layamba kusungunuka pamwamba

Che Bwanali amanga zida zawo m'thumba. Akuti mawa alawirira ku Ntaja, abwerako pakatha masabata atatu. Ndawafunsa ngati ndi ogwira ntchito kapena wamba. Sanaseke.

Lamulungu

Ndapita kukapempha udzu wanga kwa alamu. Akuti mbuzi zinayamba kuzolowera, koma poti ndi inu. Tasasula khola, tabwera nawo pamutu. Ukununkha tonde.

Ndakwera padenga ndekha, pa msinkhu uno. Mapaso ndi atsopano, oongoka bwino, oyenera malata. Pamwamba pake ndikuyala udzu womwe uja, wakudawo. Abiti Mussa aima pansi, akundiponyera mitolo. Sanandinene. Zikanakhala bwino akanandinena.

Ndili pamwambapo ndaganiza za nandolo. Akakhwima amakuuza yekha, ukagwedeza mtengo makoko amalira. Cheke chakhwima Lachisanu chili phee m'kabati ya anthu ku Balaka, ine ndikunyowa kuno. Mwinanso sichinakhwime n'komwe, mwina chabwezedwa. Ndikadziwa mawa. Ndidzuka kusanache, ndipo ndikapempha andipatse khadi lija.

Potsika ndati, Abiti, malatawo abwera ndithu, mungopirira pang'ono. Akukutumula udzu pachitenje, akuti, "Zaka makumi anayi ndadikira ine. Osawerengera Loweruka ndi Lamulungu."

Akuitana. Aphika chinangwa ndi nandolo wotsala posesa m'matumba. Ndikadye asanazizire.