Matabwa Asanu ndi Limodzi a Batate Ali pa Yadi Yanu

Kanyama, Lusaka
Mwezi wa Okutobala

Kwa Bwana Mkulu Woteteza Mitengo ya Dziko,

Bwana wolemekezeka, ndagwada.

Ndine Ketty Kachingwe, mwana wa ba Wilbroad Kachingwe, kalipentala wa muno mu Kanyama. Dzina langa mwina munaliwonapo, pakuti chitengereni digiri yanga ya zamitengo ndi matabwa ndabwera ku ofesi yanu katatu ndi kalata yopempha ntchito. Simunayankhe, ndipo ndikumvetsa: pepala limachokera ku mtengo, ndipo inu mumateteza mitengo. Pakali pano ndimagulitsa mazira owiritsa pa siteshoni ya mabasi. Masiku ano munthu amagula dzira limodzi n'kupempha mchere wa mazira atatu, koma tikukhala.

Lero sindikupempha ntchito. Ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo potitumizira woyendera wanu, ba Kalumba, Lachiwiri lapitali. Anafika ndi vani, analowa m'kashedi ka batate, nayang'ana kudenga. Kumeneko kunali matabwa asanu ndi limodzi amene batate anagula zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, kwacha isanayambe kudwala. Anawasanjika pansi pa malata, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, ndipo chaka chilichonse ankawatsitsa n'kuwatembenuza. Ba Kalumba anakanda thabwa limodzi ndi kiyi wa galimoto, anawona kufiirira, nalengeza kuti ndi mukula, mtengo woletsedwa. Batate anati, "Bwana, uyu ni mukwa. Nunkhizani chabe." Ba Kalumba anayankha kuti, "Mudala, ine sindine galu. Vonse vofiira ni mukula." Ananyamula onse. Potuluka anatenganso kampando ka paini kamene batate anapaka polishi wofiira wa pansi kuti kagulike msanga. Ndikunyadira kuti ofesi yanu tsopano ikusunga mukula wosowa kwambiri padziko, wonunkhira ngati khonde lokolopedwa.

Chachiwiri, zikomo pondiwonetsa kuti zaka zinayi za kusukulu ndinangotha nsapato. Kumeneko anatiphunzitsa kuti mukwa ndi wopepukirapo, wofiirira ngati uchi, ndipo ukaucheka umatulutsa kafungo kokoma. Ukauma bwino sutupa ndi chinyezi, sufota ndi dzuwa, chiswe chimaulambalala, n'chifukwa chake anthu amapangira zitseko, mafelemu a mawindo, ng'oma ndi mabwato. Mukula ndi wolemera, wofiira kwambiri. Munthu akanyamula thabwa ili kenako ilo amadziwa ngakhale atatsinzina. Ife kuti tidziwe zimenezi tinalemba mayeso pa kandulo malaiti atapita. Ba Kalumba amangofunika kiyi. Boma likupulumutsa zambiri.

Chachitatu, mundilole ndikufotokozereni za chitseko chathu, pakuti mwina kumene mumakhala inu madzi a mvula amadziwa kolowera. Kuno ku Kanyama mvula ikagwa madzi amafika pakhomo n'kukhala mpaka Malichi ngati mlendo wopanda ya basi. Chitseko chathu n'cha paini. Mu Januwale chimatupa, chimakana kutsekeka, ndiye batate amachichotsa n'kuchipala pang'ono. Mu Ogasiti chimafota, ndipo pamene anapala paja pamatsala mpata. Chaka ndi chaka mpata ukukula. Unayamba ndi mphemvu, kenako makoswe. Chaka chino nkhuku ya aneba yalowa osawerama. Anthu odutsa amaseka kuti nyumba ya kalipentala imatsekedwa ndi buloko.

Matabwa aja anali a chitseko chimenecho. Batate ankati mtengo susamala changu cha munthu, uume kaye. Ine, mwana wosapirira, ndinkakangana nawo chaka chilichonse kuti tiyeni tipange. Chaka chino anavomera, chifukwa m'maso mwawo mwayamba ng'ala. Mzere wa pensulo akuuwonabe akatulutsa benchi padzuwa. A kuchipatala akuti chaka chamawa sadzauwona, ndipo pamndandanda wa opaleshoni ali kumunsi kwenikweni. Anali atanola kale tchizulo. Ndikuthokoza kuti mwawapumitsa.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha kasungidwe. Lachisanu ndinapita ku yadi yanu kukasuzumira pampanda. Matabwa a batate agonekedwa padothi penipeni, padzuwa la Okutobala. Awiri ayamba kung'aluka kunsonga. Pa thabwa limodzi alonda aikapo mbaula, ndipo iwo akhala pa kampando ka polishi kaja, thalauzi lawo layamba kufiira kumbuyo. Mukwa umapirira, Bwana, koma thabwa si mwala. Likapsa ndi dzuwa mbali imodzi, kenako n'kugona m'matope mbali inayo, limapindika, ndipo chitseko sichituluka m'thabwa lopindika.

Pobwerera ndinaima nthawi yaitali pamsewu waukulu kudikira kuti ndiwoloke, chifukwa panadutsa malole asanu ndi anayi otsatizana. Pansi pa matenti pankaoneka zipika zonenepa ngati madiramu, zofiira kotero kuti sizinafunike kiyi. Pa chotchinga apolisi anangokweza dzanja. Sindikufunsa kumene zinkapita; ndikudziwa kuti zili ndi mapepala, ndipo mtengo wokhala ndi mapepala sumva kuwawa poudula. Ndangolimbikitsidwa kuti nkhalango zathu zapulumuka pomanga mtengo umene unafa ine ndili giredi seveni.

Batate andiletsa kulemba kalatayi. Akuti akuluakulu sakalipiridwa, tidikire. Adikira zaka khumi ndi chimodzi, ndiye kudikira amakudziwa. Ine sindikudziwa, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Chunga.

Pempho langa ndi laling'ono. Maulendo atatu amene ndinabwera ndi makalata aja ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, moyang'anana ndi chitseko cha ofesi yanu. Munthu wa digiri yanga sangakhale maola onsewo osachiwerenga. N'chokongola, Bwana. Ndinachiwona mu Januwale, ndinachiwona mu Ogasiti, ndinachiwonanso mu Januwale wina: sichinatupe, sichinafote, chimatsekeka ndithu ngakhale nyerere singalowe, ndiye ine ndingalowe bwanji. Ndinagogodapo, ndinamva kulira kwake. Ndinanunkhizanso, asekilitale atapita kukadya. Ndipo n'chofiira kuposa matabwa a batate.

Modzichepetsa ndikupempha kuti muitane ba Kalumba abwere ndi kiyi wawo adzachikande. Akapeza kuti ndi mukula, lamulo ndi lamulo: achizule, akachigoneke padothi pafupi ndi matabwa athu, ndipo ine ndidzakubweretserani buloko lathu kuti muzitsekera. Akapeza kuti ndi mukwa, ndiye kuti aphunzira, ndipo vani ija ikudziwa njira ya ku Kanyama. Ibwere mvula isanagwe, batate akadawona mzere wa pensulo.

Kampando kaja alonda asunge. Kawazolowera.

Ine wanu wogwada kunja kwa chitseko,

Ketty Kachingwe
Wa digiri ya zamitengo ndi matabwa, wogulitsa mazira