Wigi ya khonje pa chinkhoswe cha ku Limbuli

Chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga chinaimitsidwa Loweruka lapitali ku Limbuli chifukwa cha mutu wanga. Anthu akufotokoza zosiyanasiyana, ena mpaka akuti ndinafika nditasuta chamba, choncho ndi bwino ndinene ndekha mmene zinayendera.

Gwero lake ndi mwana wanga Tadala, wa Fomu 3. Kusukulu kwawo akukonzekera mpikisano wa zisudzo, ndipo iye anamusankha kukhala mtsogoleri wa achifwamba a panyanja, aja olanda katundu m'sitima. (Ku Mulanje kuno nyanja kulibe, koma aphunzitsi a zisudzo sanafunse maganizo anga.) Mtsogoleriyo akuti ayenera kukhala ndi madiredi, tsitsi lalitali lopotana ngati la Marasita, lokhala ndi mikanda ndi tizitsulo tolendewera. Wigi yotere pa msika wathu wa Chonde sagulitsa. Ndinafunsa m'masaluni, ndipo mayi wina anandiyang'ana kwa kanthawi n'kundifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

"Ndikupangira ndekha," ndinamuuza Tadala.

"Adadi, munapangapo wigi inu?"

"Ndaonera pa foni. Si ntchito."

Munthu wa pa foniyo anagwiritsa ntchito ulusi, neti ya kumutu, guluu, ndi mutu wa chidole wovekapo netiyo. Ine ndinapeza khonje, ndinalipota tizingwe, n'kuliwiritsa m'masamba a tiyi kuti lisinthe mtundu. Linatuluka lofiirira ngati mchira wa ng'ombe, ndiye ndinalidetsa ndi polishi wa nsapato. Mikanda ndinatenga ya Tadala, tizitsulo ndinaika zitsekerero za mabotolo. Neti inali ya mayi ake a Tadala, ija amavala pogona. Guluu ndinagula kwa wosoka nsapato, amene anandilonjeza kuti nsapato yomatidwa ndi guluu ameneyo imakwera phiri la Mulanje n'kutsika osakanuka. Chimene chinasowa ndi mutu wa chidole. Ndinaganizapo za dzungu, koma ndinaona kuti mutu wanga ndi wa Tadala ndi yofanana kukula, komanso mutu wangawo ndinali nawo kale.

Loweruka m'mawa ndinakhala pa galasi, ndinavala neti ija, n'kuyamba kumata. Ndinafuna kuti Tadala apite nayo kokayeserera masana, ine ndikamapita ku chinkhoswe. Ndinkapaka guluu mosaumira, chingwe chimodzichimodzi, mpaka mutu wonse unadzaza. Kenako ndinakhala padzuwa kuti ziume bwino.

Neti imakhala ndi mabowo. Mfundo imeneyi ndakhala ndikuidziwa moyo wanga wonse. Ndinaikumbukira pamene ndinagwira wigi ija kuti ndiivule, n'kumva chikopa cha pamphumi chikunyamuka nayo limodzi.

"Mayi a Tadala! Tabwerani msanga!"

Anatulukira ali ndi nsalu yawo yatsopano m'manja. Anandiyang'ana, n'kuigwetsa pansi.

"Mayo ine! Mwachita chiyani?"

"Yamata."

"Yamata kuti?"

"Pa ine."

Tinayesa madzi ofunda. Tinayesa mafuta ophikira. Tinayesa parafini, amene anangondiwotcha m'makutu. Kometera sikukanathandiza, chifukwa magetsi anali atazima kuyambira m'mamawa. Mkazi wanga anabwera ndi sizasi.

"Tidule zingwezi. Zotsalazo tiziona tikabwerako."

Apa Tadala anayamba kulira. "Mukadula ndikavala chiyani pa mpikisano? Munalonjeza, adadi!"

Ndinayang'ananso pa galasi, ndipo kunena zoona, inali ntchito yabwino. Zingwe zinagwa bwino m'mapewa. Mtima sunandilole kuti iwonongeke. Ndinazikulunga zonse pamwamba n'kuvindikira ndi chipewa chakhonde cha malemu apongozi anga, chimene ankavala ali kapitawo ku esiteti ya tiyi. Mkazi wanga anangoti, "Ine ndikakhala kutali ndi inu."

Kujomba kunali kosatheka. Yohane, mwini chinkhoswe, bambo ake anamwalira, ndipo ine monga malume ake ndine nkhoswe ya kuchimuna. Wopereka tambala ndi kulandira msoti ndine. Popanda ine mwambo suyenda.

M'minibasi, pa bampu iliyonse m'chipewamo munkalira tsekeretsekere. Kondakitala anafunsa kawiri kuti wanyamula mabotolo ndani, alipire katundu. Dzuwa litakula polishi anayamba kusungunuka, ndipo pofika pa Limbuli kolala ya shati yanga yoyera inali ngati yopukutira poto.

Anatilandira bwino. Anandikhazika pa mpando wakutsogolo, moyang'anizana ndi nkhoswe ya kuchikazi, a Muhiwa, malume a mtsikana wa Yohaneyo, amenenso ndi mkulu wa mpingo. Kwaya inaimba. Kenako a Muhiwa anaimirira.

"Tisanayambe chilichonse, tipemphere."

Amuna onse amene anali ndi zipewa anavula. Ine ndinaweramitsa mutu kwambiri n'kutsinzina, poganiza kuti aliyense watsinzina. Pemphero silinayambe.

"Achimwene," anatero a Muhiwa mofatsa. "Chipewa."

"Pepani abambo, ndili ndi chimfine."

"Mulungu amawaona ndi achimfine omwe. Vulani."

Ndinavula.

Zingwe zija zinakhuthukira m'mapewa nthawi imodzi, mikanda ndi zitsekerero zikulira ngati wagwetsa thireyi. Mayi wina amene anali atayamba kale kupemphera yekha anatsegula maso n'kukuwa kuti, "Yesu wanga!" Tambala ndinabwera naye uja, ali chimangire pansi pa mpando, anayamba kuphupha. Kumbuyo anyamata a kabaza anaimika zibakera m'mwamba: "Rasita! Ulemu wanu, akulu!" Mlongo wanga, mayi ake a Yohane, anadziphimba kumutu ndi chitenje.

A Muhiwa anatembenukira kwa Yohane. "Mnyamata iwe, unatiuza kuti amalume ako ndi munthu wodziwika pa Chonde. Sunatiuze kuti amadziwika ndi chiyani."

"Amalume," Yohane ananong'ona, "n'chiyani chimenechi?"

Ndinaimirira n'kufotokoza mwadongosolo. Ndinati iyi ndi wigi chabe, ya khonje, ya chisudzo cha mwana wanga. Ndinatchula za achifwamba a panyanja, ndipo ndinaona kuti mawu akuti achifwamba sanandithandize.

"Ngati ndi wigi," anatero a Muhiwa, "ivuleni."

"Siikuvulika."

Anabwera pafupi, anagwira zingwe ziwiri n'kukoka. Mutu wanga unatsatira. Anakokanso mwamphamvu, ine n'kukuwa ngati mwana wobayidwa jekeseni. Anasiya, anayang'ana zala zawo zakuda bii, n'kuzinunkhiza.

"Akazi anga ali ndi wigi," anauza gulu lonse. "Madzulo amaikoleka pa msomali. Tsitsi ili likakokedwa mwini wake akulira. Ndi lake."

Mfundo yawo inali yomveka. Anati nkhoswe ndi munthu amene banja likagwedezeka amathamangirako, ndiye iwo sangapereke mwana wawo m'manja mwa munthu amene sakudziwa ngati tsitsi lili pamutu pake ndi lake kapena ayi. Akuchikazi anakakambirana kuseri kwa nyumba. Pobwera anati chinkhoswe chaima kufikira ataona mutu weniweni wa malume a mnyamata. Mtsikanayo ndinangomumva akulira m'nyumba. Mpunga unali utapsa kale, moti anthu anadya ndithu, koma mbale yanga anaiika pansi pa mtengo wa mango, pandekha. Anyamata a kabaza aja ndi amene anabwera kudzadya nane.

Lolemba magetsi atayaka ndinapita kometera. Wometa anagwira ntchito ndi makina, lezala ndi mafuta, akuseka mpaka misozi. Wigi inachoka m'zidutswa pamodzi ndi tsitsi langa lonse, kotero kuti chimene ndinkateteza chija sichinapulumukenso. Pobwerera, mayi wina woyandikana nafe ataona mpala wangawo anagwada pamsewu n'kundipepesa, kufunsa kuti maliro anali a ndani.

Mlongo wanga sakuyankha foni yanga. Yohane amayankha, koma amangoti, "Amalume, chonde, Loweruka mudzabwere mmene mulilimo."

Chinkhoswe chichitika Loweruka likubwerali, ndipo a Muhiwa atumiza uthenga woti adzaona okha mutu wanga pachipata ndisanakhale pansi. Mpikisano wa Tadala ndi sabata yotsatira. Khonje latsala lokwanira, ndipo nditaunika bwinobwino ndapeza kuti cholakwika chinali chimodzi chokha: pansi pa neti pamafunika jumbo. Mkazi wanga wabisa guluu, koma wosoka nsapato uja amatsegula tsiku lililonse.